Za Mabokosi a Zodzoladzola Obwera Mwezi ndi Mwezi, ndi Ufulu wa Wogula ku Britain

Pakati pa malonda atsopano amene abale athu okhala ku Britain amakumana nawo, alipo ena amene amafika pakhomo ooneka ngati mphatso, atakulungidwa m'pepala lofewa ndi kumangidwa kansalu kokongola, kotero kuti wolandirayo amaiwala msanga kuti anagula ndi ndalama zake, ndi kuti ndalama zomwezo zidzatulukanso mwezi wamawa ngakhale iye asatsegule pakamwa. Ndikunena za mabokosi a zodzoladzola ndi zophodaphoda, amene munthu amalembetsa kamodzi kokha pa intaneti, ndipo kuyambira pamenepo amalandira mwezi uliwonse timabotolo ndi timachubu tinayi kapena tisanu: mafuta a kumaso, sopo wamadzi, lipisitiki, phoda, pena kabotolo ka pafyumu. Malondawa adatchuka mu 2010, pamene amayi awiri, Katia Beauchamp ndi Hayley Barna, adayambitsa kampani ya Birchbox ku New York namalipiritsa madola 10 pamwezi. Chaka chotsatira ku Berlin kudabadwa ina yotchedwa Glossybox, ndipo lero makampani otere ngambiri.

Nzeru yake ndi yomwe ija ya mayi wogulitsa mtedza wokazinga pamsika, amene amakutapirani pang'ono m'dzanja kuti mulawe, podziwa kuti ukakukomerani mugula mbale yonse. Kusiyana kwake n'kwakuti kuno wolawa amalipira kulawako, ndiponso amalonjeza kuti adzalawanso mwezi ukatha. Sindikunyoza malondawa ayi, pakuti nkwabwino kuyesa kachubu kakang'ono musanataye ndalama zambiri pa botolo lalikulu limene khungu lanu likalikana. Koma lonjezo lija ndi pangano lenileni pamaso pa lamulo, ndipo madandaulo ambiri a ogula sachokera m'mafuta ali m'bokosimo, koma m'pangano limene anavomera asanaliwerenge.

Tiyambe ndi zimene ziyenera kuchitika ndalama isanatuluke. Tinene kuti mayi wina wosamalira okalamba ku Leeds, ali pa ntchito ya usiku, agogo onse atagona, waona pafoni chilengezo chakuti bokosi loyamba ndi mapaundi 5 okha. Malamulo a kugula zinthu uli kutali ndi wogulitsa, amene adalembedwa mu 2013 nayamba kugwira ntchito mu Juni 2014, amalamula kampani kuti isanalandire ndalama ya mayiyo imuuze poyera mtengo wonse pamodzi ndi wa positi, mtengo wa miyezi yotsatira, kutalika kwa panganolo, njira yolithetsera, ndiponso dzina ndi keyala yake. Batani limene mayiyo adina pomalizira liyenera kunena mosabisa kuti kudinako ndiko kuvomera kulipira. Ndipo ngati pali zoonjezera za ndalama zimene kampani inachongeratu yokha m'malo mwa wogula, wogulayo sayenera kuzilipira, ndipo akakhala kuti walipira ayenera kubwezeredwa. Apa m'pamene mayi wathu ayenera kudekha, pakuti mapangano ake ali mitundu iwiri. Lilipo la mwezi ndi mwezi, limene munthu angathe kulisiya nthawi iliyonse malinga anene tsiku lolipira lisanafike. Ndipo lilipo la miyezi 3, 6 kapena 12, lotsikirako mtengo, koma lomanga munthu mpaka nyengo yonseyo ithe, ndipo kawirikawiri likatha limayambiranso lokha. Bokosi la mapaundi 14 pamwezi limaoneka laling'ono, koma pang'onopang'ono ndi mtolo: pachaka ndi mapaundi 168. Safunsa anadya phula.

Koma tinene kuti mayiyo wadina kale, ndipo kutacha, tulo titatha m'maso, wazindikira kuti wadzimanga chaka chathunthu. Asataye mtima, pakuti lamulo lidaganizira anthu ogula chinthu asanachione ndi maso, ndipo lidawapatsa masiku 14 oti asinthe maganizo popanda kupereka chifukwa chilichonse. Masikuwo amayamba kuwerengedwa tsiku lotsatira lija katundu wafikira m'manja mwanu, kotero kuti bokosi likafika pa 3 Malichi, tsiku lomaliza kukana ndi 17 Malichi; ndipo mungathe kukana ngakhale bokosilo lisanafike n'komwe. Chimene ambiri sadziwa ndi ichi, kuti pa pangano la katundu wobwera mobwerezabwereza kwa nyengo yoikika, masiku 14 amenewa amawerengedwa kuyambira pa bokosi loyamba lokha, osati pa bokosi lililonse. Amene adikira kuti aone kaye lachiwiri apeza khomo limeneli litatsekeka. Kukana kwake sikufuna mawu ozama: imelo yaifupi yonena dzina lanu, nambala ya oda yanu, ndi kuti mwathetsa pangano, ndi yokwanira, ndipo muisunge, pakuti ndiyo mboni yanu. Mukatero muli ndi masiku 14 ena otumizira katunduyo, ndipo kampani iyenera kukubwezerani ndalama zanu, pamodzi ndi za positi wamba zimene munalipira, pasanathe masiku 14 chilandirireni katunduyo kapena chionereni umboni wakuti mwamutumiza. Ndalama zotumizira pobweza ndi zanu, pokhapokha kampani italonjeza kuzilipira kapena itapanda kukuuzani kuti zidzakhala zanu. Ndipo kampani imene inabisa osakuuzani za ufulu wokanawu imadzipweteka yokha, pakuti nthawi yanu yokana imatalika, mpaka chaka chathunthu pamwamba pa masiku aja.

Tsono pali msampha umodzi umene umagwira ogula zodzoladzola kuposa ogula nsapato kapena malaya. Chinthu chimene chinabwera chomata chifukwa cha ukhondo, mukangochimatula, ufulu wochibweza chifukwa chongosintha maganizo watha pomwepo. Ndipo lamuloli ndi lachilungamo, pakuti palibe amene angakondwe kugula lipisitiki imene inapita kale pa milomo ya munthu wina. Chifukwa chake amene mtima wake ukukayika atsegule katoni yakunja, aone zili m'katimo, koma kapepala konyezimira kamene kamatseka kukamwa kwa chubu, ndi pulasitiki yokuta kabotolo, asazikhudze kufikira atatsimikiza kuti bokosilo akulifuna. Zinthu zimene sizinabwere zomata, ngati mwazigwiritsa ntchito koposa mmene mukadazionera m'sitolo, kampani ili ndi mphamvu yodulako ndalama pokubwezerani.

Zonsezi ndi za munthu amene wangosintha maganizo. Nkhani imakhala ina katundu akakhala woipa. Lamulo la ufulu wa ogula la 2015 limanena kuti chilichonse chogulitsidwa chikhale chabwino monga munthu woganiza bwino angayembekezere, chigwire ntchito imene anachipangira, ndipo chifanane ndi zimene wogulitsa ananena. Phoda akafika atasweka, botolo litatayikira m'katoni, mafuta atasasa kapena atapitirira tsiku lake, muli ndi masiku 30 okanira katunduyo ndi kuitanitsa ndalama zanu, ndipo zotumizira pobweza alipire ndi wogulitsa. Pamenepa nkhani ya kumatula siigwira ntchito konse, pakuti mukadadziwa bwanji kuti mafuta ngoonongeka musanatsegule? Masiku 30 akapita mungathebe kupempha china cholowa m'malo, ndipo chikalephereka chimenecho, akubwezereni ndalama. Mlandu wanu uli ndi kampani imene munailipira, osati amene anapanga mafutawo kapena amene ananyamula phukusi. Ikakutumizani kwa ena, ikukuzembani chabe. Chimodzimodzinso phukusi likasowa panjira: kufikira litalowa m'manja mwanu, kapena m'manja mwa munthu amene inu mwini munamutchula kuti akulandirireni, katunduyo akadali pamutu pa wogulitsa, ndipo ndi iye ayenera kutumiza wina kapena kubweza ndalama.

Pali dandaulo lina limene alongo athu a khungu lakuda amalidziwa bwino, ndilo kulandira phoda kapena mafuta ophodera oyererako, amene ukadzola nkhope imatuwa ngati wagwa m'phulusa. Pano ndinene zoona ngakhale zowawa: kusakondwa ndi mtundu wa chinthu si kuonongeka kwa chinthucho, ndipo amene analembetsa bokosi podziwa kuti za m'katimo asankha ndi eni ake, walira mvula walira matope. Koma zimene kampani inalonjeza ndi mawu ake zimaimanga. Ikanena kuti mudzalandira zinthu zisanu, zikhale zisanu. Ikanena kuti ziwiri zidzakhala mabotolo aakulu, asakutumizireni toyesa tokhatokha. Ndipo ikakufunsani mtundu wa khungu lanu nikulonjezani poyera kuti idzakusankhirani zogwirizana nalo, koma n'kutumiza za khungu lina, pamenepo katundu sanafanane ndi zimene ananena, ndipo muli ndi poyambira. N'chifukwa chake kuli kwanzeru kujambula pafoni chilengezo chimene chinakukopani tsiku lomwe mukulembetsalo, pakuti zolembedwa pa intaneti zimasintha usiku umodzi.

Tifike tsopano pa nkhani imene ndiiona yaikulu koposa zonse, ndiyo ya ndalama zotuluka zokha. Pamene munapereka manambala a khadi lanu la kubanki, munapatsa kampani chilolezo chotapa ndalama mwezi uliwonse popanda kukufunsaninso. Ndipo alipo ambiri amene, atalembera kampani kawiri katatu osayankhidwa, amangokhala chete namaonerera ndalama zikupita, poganiza kuti kampani yokhayo ndiyo ingatseke mpopiwo. Sizili choncho. Malamulo a kalipiridwe a 2017 amakupatsani mphamvu youza banki yanu kuti iimitse malipirowo, ndipo malinga mwaiuza kukadali tsiku limodzi la ntchito tsiku lotapa lisanafike, banki iyenera kumvera. Siingakukakamizeni kuti mukayambe mwagwirizana ndi kampani, ndipo ndalama ikatulukabe pambuyo pake, banki ikubwezereni. Ikakana kapena ikazengereza, lilipo bungwe la Financial Ombudsman Service, limene limaweruza pakati pa munthu ndi banki yake popanda malipiro. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Musaope kuimba foni ku banki chifukwa ndalama yake ndi yochepa kapena chifukwa Chingerezi chanu n'cha kumudzi.

Koma tamverani bwino apa, pakuti ambiri amaphunthwa pomwepa: kuimitsa malipiro ku banki sikuthetsa pangano. Ngati munadzimanga miyezi 12, ndipo masiku 14 aja anapita, ndiponso kampani siinalakwe kanthu, ndiye kuti miyezi yotsalayo ndi ngongole yanu, ndipo kampani ingathe kuilondola. Njira yolongosoka ndiyo kulembera kampani poyamba, kunena kuti mukuthetsa pangano, kapena kuti lisadzayambirenso likatha, kenaka n'kuuza banki. Ngati mawu amene akukumangirani anabisidwa m'timalemba tating'onoting'ono, kapena ngolemera mbali imodzi mopanda chilungamo, monga kukulipiritsani chindapusa chachikulu chifukwa chochoka, lamulo la 2015 lija limati mawu otero sakumangani. Ndipo ngati munalipira koma katundu sanabwere, kampani n'kukhala duu, funsani banki za njira imene amaitcha chargeback, yobwezera ndalama kudzera ku khadi. Imeneyi ili ndi malire a nthawi, kawirikawiri masiku 120, ndipo zengerezu adalinda kwawukwawu. Nyumba ya malamulo ya ku Britain, poona kuchuluka kwa anthu okodwa m'mapangano odziyambitsanso okha, idakhazikitsa lamulo lina mu 2024, limene mwa zina limafuna kuti makampani azikumbutsa wogula pangano lisanayambirenso, ndi kuti kutuluka kukhale kosavuta. Gawo la mapangano otereli adaliika kuti liyambe mochedwerapo kuposa magawo ena, koma gawo loletsa maumboni abodza oyamikira katundu, ndi mitengo yobisika yotulukira pomalizira, lidayamba mu Epulo 2025.

Tatha za thumba, tinene za khungu. Tengani kachubu kamodzi ka m'bokosimo mukatembenuze. Ngakhale kakhale kakang'ono ngati chala, ngakhale anakupatsani kaulere, lamulo la zodzoladzola limakaona mofanana ndi botolo lalikulu la m'sitolo: kayenera kukhala katayesedwa kuti sikapweteka munthu kasanagulitsidwe, ndipo pa iko payenera kulembedwa dzina ndi keyala ya amene angayankhe mlandu pa mafutawo, ndi nambala ya gulu limene kanapangidwira limodzi. Mudzaonapo kachithunzi ka nsupa yotsegula chivindikiro, kolembedwa 6M kapena 12M. Imeneyo ndi miyezi imene mafutawo akhala abwino chitsegulireni. Pena mudzaona kagalasi ka mchenga koyezera nthawi, kotsatana ndi mwezi ndi chaka, ndilo tsiku lake lothera. Malo akachepa, amajambula dzanja lolozera m'buku lotsegula, kutanthauza kuti zotsalazo zili pa kapepala kamene kabwera limodzi. Kapepalako musakataye pamodzi ndi katoni. Mndandanda wa zimene anasakaniza umayamba ndi chochuluka koposa, ndipo maina a zomera amawalemba m'Chilatini, kotero kuti munthu amene thupi lake limadana ndi mtedza ayenera kudziwa kuti Arachis hypogaea ndiwo mtedzawo.

Udindo wanu pamenepa ndi kudekha. Bokosi likafika, mtima umafuna kudzola zonse usiku womwewo, koma amene atero, nkhope ikatuluka zidzolo m'mawa, sadzadziwa chimene chamulakwira mwa zisanuzo. Yesani chimodzi chimodzi, popaka pang'ono m'kati mwa mkono kapena kuseri kwa khutu, ndi kudikira tsiku limodzi kapena awiri. Mankhwala osinthira mtundu wa tsitsi eni ake amalangiza kuyesa kwa maola 48. Pakayabwa kapena kutupa, sambani, lekani kudzola, jambulani malowo, sungani chubucho, ndipo funsani wogulitsa mankhwala kapena imbani 111, nambala ya a zaumoyo. Koma milomo kapena lilime likatupa, mpweya n'kuyamba kubanika, imbani 999 msangamsanga. Muidziwitsenso kampani, pakuti iyenera kukanena ku boma za kuvulala kwakukulu kochokera m'katundu wake. Lamulo la 1987 limalola munthu wovulazidwa ndi katundu wolakwika kuitanitsa chipukuta misozi kwa amene anamupanga kapena kumulowetsa m'dziko, popanda kusonyeza kuti anachita mosasamala, ndipo nthawi yake ndi zaka 3; komabe ngati mafutawo anali abwino, ndipo chimene thupi lanu linakana chinalembedwa poyera pa chubu, mlandu wotero ngovuta kupambana.

Ndipatukeko pang'ono, chifukwa si mabokosi onse amachokera ku makampani odziwika. Alipo anthu amene amalongedza okha mabokosi m'nyumba zawo namagulitsa pa Facebook, Instagram kapena TikTok, ndipo m'mabokosi ena otere mumapezeka mafuta oyeretsa khungu, opanda keyala, opanda mndandanda, ongolonjeza kuti muyera pa sabata imodzi. Dziwani kuti hydroquinone, mercury ndi mankhwala a steroid nzoletsedwa m'mafuta odzola pakhungu ku Britain, ndipo a Trading Standards, oyang'anira malonda, akhala akulanda katundu wotere m'masitolo a mu London ndi kutengera eni ake kukhoti. Dziko la South Africa lidaletsa hydroquinone m'zodzoladzola kale mu 1990. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: mercury amaononga impso ndi mitsempha, steroid amapyapyalitsa khungu mpaka kung'ambika, ndipo hydroquinone, amene anthu amamufuna kuti ayere, pakapita nthawi amasiya zigamba zakuda bii m'masaya zimene sizichoka msanga. Ine ndiona kuti khungu limene Mlengi anatininkha silinalakwe kanthu kuti tililange chotero. Munthu wogulitsa monga bizinesi, ngakhale akhale m'chipinda chake chogona, malamulo onse tanenawa amamumanga. Koma wopanda keyala mudzamupeza kuti tsiku la mlandu?

Ambiri a ife timasunga timabotolo totsala kuti wina akamapita kumudzi atinyamulire, tikasangalatse achemwali ku Lilongwe kapena ku Chipata. Mwambo umenewu ngwabwino, koma tumizani zomata zokhazokha ndi zimene tsiku lake likadali patali, pakuti chubu chotsegula chimene chakhala chaka m'kabati, n'kukakhalanso m'kutentha kwa mwezi wa Okutobala, sichilinso mphatso. Dziwaninso kuti ufulu wokana ndi wobwezeredwa ndalama uli ndi amene anapangana ndi kampani nalipira, kotero kuti mukalembetsera mnzanu bokosi, wolemba kalata ya dandaulo ndinu. Amene agula zodzola zokayikitsa ku Malawi komweko ali ndi kokadandaula kwawo, ku Malawi Bureau of Standards ndi ku Competition and Fair Trading Commission.

Zinthu zikavuta, yambani ndi kulembera kampani, modekha ndi mwaulemu, kunena chimene chalakwika, chimene mukufuna, ndi tsiku limene muyembekeza yankho. Ndipo nenani zoona zokhazokha, pakuti kunamizira kuti phukusi silinafike pamene mafuta ake muli kudzola ndi kuba, ndipo lamulo limateteza wogulitsanso. Akapanda kukumverani, a Citizens Advice amalangiza kwaulere ku England ndi ku Wales, ndipo ndiwo amapereka nkhani kwa a Trading Standards. Ku Scotland ntchitoyi amagwira a Advice Direct Scotland. Khoti la milandu ing'onoing'ono liliponso, koma ndalama yolembetsera mlandu imaposa mtengo wa bokosi limodzi, choncho limayenera amene watayapo za miyezi yambiri.

Chotsala ndi mbiri yanu. Polembetsa munayankha mafunso a zaka zanu, mtundu wa khungu ndi tsitsi lanu, ziphuphu ndi makwinya, ndipo mayankho amenewo ndi chuma kwa amalonda. Pothetsa pangano muli ndi ufulu wouza kampani kuti ileke kukutumizirani uthenga wotsatsa malonda, ndipo pa ichi siingakane. Mungathenso kupempha kuti ikuonetseni zimene ikusunga za inu ndi kuti izifafanize, kupatula zimene lamulo limaikakamiza kusunga, monga za misonkho. Iyenera kuyankha pasanathe mwezi umodzi, ndipo ikapanda kutero, dandaulo lanu lipite ku bungwe loteteza mbiri ya anthu la Information Commissioner's Office.